Mataimuzi amaimba bwino, koma chenji kugolosale chimamuvuta

Tsiku lotsekera sukulu mayi wina anandiimitsa pakhomo la kalasi, lipoti la mwana lili m'manja. "Aphunzitsi, mwanayu akayamba kuimba mataimuzi mpaka 12 simungamugwire. Koma ndikamutuma kugolosale ndi K1,000, amangolandira chenji osadziwa ngati chakwana. Vuto lili pati?"

Funso limeneli lazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zoposa 100, ndipo mayankho awo ndi amene aphunzitsife timakumana nawo ku TTC, sukulu yophunzitsa ntchito ya uphunzitsi.

Gulu loyamba linati kuphunzira ndi chizolowezi. Ivan Pavlov wa ku Russia anaona agalu ake akuchucha dovu atangomva chizindikiro choti chakudya chikubwera, mbale isanafike n'komwe. B. F. Skinner wa ku America anayesa makoswe ndi nkhunda: nyama ikachita kanthu n'kulandira chakudya, imabwerezanso. "Tiyeni timuombere m'manja" uja amachokera kumeneko, nyimbo ya mataimuzinso. Anzanga ena amainyoza njirayi kuti ndi yachikale. Ine ayi. Mwana amene 7 x 8 amayankha osaphethira, mutu wake umatsala ndi mpata wolimbana ndi samu yovuta. Kungoti chizolowezi chimakakamira pomwe chinabadwira. Mwana wa mayi uja anazolowera kuyankha aphunzitsi, osati wogulitsa sopo.

Jean Piaget wa ku Switzerland anafuna kudziwa zochitika m'mutu mwa mwanayo. Kayeseni kunyumba. Thirani madzi ofanana m'makapu awiri ofanana, mwana wa zaka 4 kapena 5 avomere kuti alidi chimodzimodzi. Ndiye iye akuona, khuthulirani a kapu imodzi m'botolo lalitali, lowonda. Ambiri amaloza botololo kuti ndiye muli madzi ambiri, ndipo mungalongosole mpaka kutuluka thukuta, sagonja. Akamafika zaka 7 amakusekani: "Komatu simunaonjezere." Piaget anati mwana si thumba loti tizingothiramo nzeru, amamanga yekha kumvetsa kwake pogwira zinthu, kuyesa ndi kulakwitsa. N'chifukwa chake ana a sitandade 1 timawauza kuti abwere ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti ana amatha zambiri msanga kuposa mmene Piaget ankaganizira, choncho mawu oti "akadali mwana" asakhale pothawira.

Amene ndimamukonda kwambiri ndi Lev Vygotsky. Anabadwa mu 1896, chaka chimodzi ndi Piaget, koma chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Iye anati pali zimene mwana amatha yekha, pali zimene sangathe ngakhale pang'ono, ndipo pakati pake pali zimene angathe wina akamugwira dzanja. Kuphunzira kumachitikira pakatipo. Taonani mtsikana amene akuphunzira kuphika nsima. Tsiku loyamba amayi amathira ufa, iye akuvundula, dzanja la amayi lili pamthiko. Pakapita masiku amathira yekha, amayi akungoti "basi, wakwana". Kenako amayi amakhala pakhonde osayang'anako. Mu 1976 Jerome Bruner ndi anzake anayerekeza thandizo lotere ndi timitengo tokwerapo amisiri omanga nyumba, timene amachotsa khoma likatha.

Apa ndidandauleko pang'ono. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, ndipo tikapanikizika timangoti "khalani m'magulu". Koma ana asanu ndi atatu osadziwa kanthu onse, atazungulira buku limodzi, palibe akugwira mnzake dzanja. Pagulu pamafunika mmodzi amene ali patsogolo pang'ono.

Mayi uja ndinawauza kuti nyimbo ya mataimuzi asamuletse. Koma madzulo atsegule kagolosale pamkeka, zitsekerero zikhale ndalama, mwanayo akhale wogulitsa, iwo azigula ndipo nthawi zina azinamizira kulakwitsa kuti awagwire. Ndipo pomutuma zenizeni, asanatuluke pakhomo azimufunsa: "Mapaketi atatu a K250, wanyamula K1,000. Ubwera ndi zingati?" Sabata yoyamba awerengere limodzi. Yachiwiri angomufunsa, n'kudikira yankho ngakhale lichedwe.