Chimene chimamanga mchere wa m'ndiwo

Ndikafunsa ophunzira anga a Fomu 3 kuno ku Mzuzu kuti mchere n'chiyani, amayankha msanga kuti ndi sodium chloride. Koma ndikafunsa chimene chimamanga ziwirizi pamodzi, m'kalasi mumangoti zii.

Sodium payekha ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, ndipo mukachiponya m'madzi chimathetheka, mwina kuyaka kumene. Chlorine ndi mpweya wakupha. Komatu zikakumana, zimabala mchere womwe uja timathira mu usipa wa ku Nkhata Bay.

Nkhani yagona pa ma electron, tizinthu ting'onoting'ono ta chaji ya negative tomwe timazungulira pakati pa atomu. Atomu ya sodium ili nawo 11, ndipo imodzi ili yokhayokha kunja. Ya chlorine ili nawo 17, koma kunja kwake ikupereweramo imodzi kuti akwane 8. Sodium amapereka yakeyo n'kutsala ndi chaji ya positive. Chlorine amalandira n'kukhala negative, ndipo apa amatchedwa chloride. Zikatero timazitcha ma ion, ndipo poti machaji osiyana amakokana, zimagwirana. Kukokanako ndiye ionic bond.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, ndipo zimandikhudza chifukwa cholakwikachi chimawatsata mpaka pa mayeso a MSCE. Amaganiza kuti sodium mmodzi amatengana ndi chlorine mmodzi ngati banja. Ayi ndithu. Mu 1913, wasayansi Lawrence Bragg anaunika mchere ndi X-ray n'kupeza kuti mulibemo timagulu ta awiriawiri. Sodium aliyense wazingidwa ndi ma chloride 6, chloride aliyensenso wazingidwa ndi ma sodium 6, ndipo mzere umangopitirira choncho mbali zonse mpaka kambulu katha.

N'chifukwa chake mchere susungunuka pa mbaula. Shuga mukamuiwala pamoto amapsa n'kuda, koma mchere umafuna kutentha kwa madigiri 801 Celsius, poti mukulimbana ndi kukokana kwa mbali zonse. Nanga bwanji umaphwanyika msanga mumtondo? Musi ukagunda, mizere imasuntha pang'ono, positive n'kuyang'anizana ndi positive mnzake, basi zakankhana, kambulu kasweka.

Chomwe makala alephera, madzi amachita mwakachetechete. Amazinga ion iliyonse n'kuichotsa pamzere. Ikamasuka imayenda, n'chifukwa chake madzi a mchere amadutsitsa magetsi pamene mchere wouma sutero. Sodium womasukayu ndi yemwenso thupi la mwana wotsegula m'mimba limataya, ndipo mayi akamusungunulira Thanzi ORS, ndiye akumubwezera.