Musanalimbitse mashoko a kumbuyo, dziwani ntchito yake

Nyengo ya nanazi ikafika kuno ku Mulanje, galimoto zambiri zimalowa m'galaja ndi dandaulo limodzi: kumbuyo kwakhala pansi. Mwiniwake amati, "Amisiri, ndilimbitsireniko mashoko, ndikapakira katundu matayala akumakhula bodi." Pempho limeneli ndimalimva kwa eni Sienta ndi Probox zoyenda pakati pa Chitakale ndi Limbuli, ndimalimvanso kwa onyamula nthochi ku Thyolo. Yankho langa silisintha: shoko sinyamula katundu. Chimene chimasenza galimoto ndi sipuling'i, kaya yopiringizika ija kaya ya zitsulo zosanjikiza ya kumbuyo kwa Hilux. Ngati galimoto yakhala pansi ili chiimire, ndiye kuti sipuling'i yatopa kapena mwapakira mopyola muyeso. Mutha kulimbitsa shoko mpaka pothera, kumbuyoko sikudzuka.

Nanga shoko ilipo chifukwa chiyani? Sipuling'i ikafinyika imabwerera, ikabwerera imafinyikanso, ndipo payokha sileka msanga kunjanja. Shoko ndiyo imaletsa kunjanjako kuti tayala lisasiyane ndi msewu. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono totsekedwa ndi tizitsulo topyapyala. Tayala likakwera kapena kutsika, oyiloyo amakakamizika kudutsa m'timabowoto. Zili ngati mpope wa njinga mutatseka pang'ono kukamwa kwake ndi chala: mukakankha mofatsa umayenda, mukakankha mwaphuma umakana. Mphamvu ya kudumpha ija imasanduka kutentha, n'chifukwa chake shoko imafunda mukayenda mtunda wautali m'misewu ya fumbi ya m'minda ya tiyi. Mashoko ambiri a masiku ano amakhalanso ndi mpweya wa nayitirojeni kuti oyilo asachite thovu akatentha.

Ndinene poyera kuti mashoko amene amabwera ndi galimoto wamba sasinthika kulimba kwake. Alibe pozungulitsa, ndipo wina akakuuzani kuti awaboola n'kuthiramo oyilo wolimba, mukanizeni. Shoko ya mpweya sibooledwa kapena kuwotchedwa mwachisawawa, imatha kuvulaza munthu. Osinthika ndi ogula mwapadera, monga a KONI, Tein, KYB AGX, kapena Rancho RS9000 amene ali ndi kachozungulitsa ka malo 9 ndipo amakonda kuikidwa pa galimoto za m'misewu yoipa. Galimoto zina zochokera ku Japan zimafika zili nawo kale, mwini watsopano osadziwa. Suzumirani m'buti pamene shoko yatulukira, kapena m'munsi mwake pafupi ndi bawuti. Koma mphete ya mazinga imene imatsamira sipuling'i, yonga ija anyamata a kabaza amazungulitsa pa njinga zamoto, si ya oyilo ayi. Imeneyo imafinya sipuling'i kapena kusintha msinkhu wa galimoto basi.

Shoko imagwira ntchito mbali ziwiri. Pali pofinyika, tayala likagunda bampu, ndipo pali potambasuka, sipuling'i ikamakankhira tayala pansi. Nthawi zambiri potambasuka ndi pamene pamakhala polimba kuposa pofinyika, chifukwa apo shoko ikulimbana ndi mphamvu yonse imene sipuling'i yasunga. Pa mashoko ena kachozungulitsa kamasintha potambasuka pokha, pa ena kamasintha zonse pamodzi. Kapepala ka wopanga ndi kamene kamanena, choncho musakataye.

Ndisanakhudze kachozungulitsa ndimayamba ndayeza mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala lopopedwa mopitirira limanamizira shoko. Kenako ndimazungulitsa mpaka pothera mbali yolimba, mosakakamiza, popeza kansonga ka m'katimo sikachedwa kuwonongeka. Kuchokera apo ndimabwerera m'mbuyo ndikuwerenga kulira kwake, tiki, tiki, tiki, mpaka pakati kapena pamene wopanga analangiza, n'kulemba nambalayo. Shoko ya kumanja ndi ya kumanzere ziyenera kukhala pa nambala imodzi. Zikasiyana, galimoto imakhota mosiyana kumanja ndi kumanzere, ndipo woyendetsa amayamba kukayikira chiwongolero chimene chilibe mlandu.

Kuyesa kwenikweni kuli pamsewu. Sankhani chigawo chimodzi chimene mumachidziwa, chokhala ndi hampu, kona ndi pokumbika, muzibwereza chomwecho pa liwiro lofanana, ndi katundu amene mumanyamula masiku onse. Sinthani kulira kuwiri kokha nthawi imodzi. Mukadutsa hampu kumbuyo n'kunjanja kawiri katatu kusanakhazikike, kapena okhala kumbuyo n'kumamva ngati akuyandama, shoko yafewa, onjezani. Mukamva kabowo kalikonse ka msewu kakukufikani m'msana, mwalimbitsa kwambiri, bwezani.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale amakaniko anzanga, ndipo chimaonekera pa misewu ya mizeremizere imene imabwera mvula ikatha. Potambasuka pakalimba mopitirira, tayala likagunda mzere woyamba shoko imafinyika, koma isanabwerere m'malo mwake lagunda kale wachiwiri, kenako wachitatu. Galimoto imanka ikhalira pansi pang'onopang'ono mpaka kukagunda pa kalabala kamene kamaletsa kuti galimoto isatsikirenso, gu! Woyendetsa akamva kugundako amaganiza kuti shoko yafewa, n'kulimbitsanso, vuto n'kukulirakulira. Mankhwala ake ndi kufewetsa kuti tayala lizitsika msanga kukalondola nthaka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makona. Kumbuyo kukalimba kuposa kutsogolo, galimoto imalowa mu kona mwachangu, ndipo pa tsiku louma woyendetsa amasangalala nazo. Koma pa zitunda za msewu wa M2 pakati pa Bvumbwe ndi Luchenza, chiperoni chitanyowetsa phula, kumbuyo kolimba n'kumene kumayamba kutsetsereka, makamaka galimoto ikakhala yopanda katundu. Tayala limene likudumphadumpha siligwira msewu, ndipo ngakhale mabuleki sagwira bwino pa tayala lotere. Kwa ife a dera la mvula yambiri, ine ndimakonda kusiya kumbuyo kofewerapo pang'ono. Amene ali ndi pikapu angaonjeze kulira kuwiri kapena kutatu akapakira, chifukwa katundu wolemera amachititsa kuti kumbuyo kunjanje kwambiri, koma akumbukire kubweza akatsitsa katunduyo.

Zonsezi n'zopanda phindu ngati shoko inatha kale. Kanikizani kona ya kumbuyo ndi thupi lanu lonse n'kusiya: galimoto ikwere kamodzi n'kukhazikika. Kenako gwadani muyang'ane. Kachinyezi kochepa ka oyilo pamwamba pa shoko sikoopsa, koma oyilo woyenderera mpaka pansi, womatirira fumbi lofiira, ndi chizindikiro choti yataya. Sisitani dzanja pa tayala. Mukamva kuti ladyeka mwa zigawozigawo, pena pokwera pena potsika, shoko inasiya kale kuligwira. Phokoso la gubudugubudu nthawi zambiri limakhala la mabushi, timalabala ta pamene shoko imamangidwira, ndipo amenewa ndi otsika mtengo kuyerekeza ndi shoko yatsopano.

Mukafuna kusintha, gulani awiri, osati imodzi, ndipo pewani ochotsa pa galimoto zina chifukwa simungadziwe mtunda umene anayenda. Musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke yokha. Mabawuti a m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa, itaima pa matayala ake. Mukawamanga ili m'mwamba, labala imapotoka ikangotera pansi ndipo sichedwa kung'ambika.