Kumtunda mbewa, kunsi njovu: mbiri ya nyama za m'chigawo cha Tete

Mwana wobadwira ku Ulongue akhoza kukula mpaka kumera imvi osaonapo njovu, pomwe mnzake wa ku Mágoè amagona pa msasa kuthamangitsa njovu m'munda wa mapira. Chigawo ndi chimodzi, cha Tete ku Mozambique, koma nthaka, mitengo ndi zimene anthu anachita kale zinagawa nyama mosiyana.

Ku Angónia, komwe kuli Ulongue, ndi kumtunda, kozizira, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Angoni a Maseko atakhazikika kumeneku m'zaka za m'ma 1800, anapeza malo amene ng'ombe zimaswana bwino, chifukwa kashembe sakonda kuzizira. Anthu anachuluka, nkhalango inasanduka minda ya chimanga ndi mbatatesi, nyama zikuluzikulu n'kuthawa. Zatsala ndi zimene zimatha kukhala pafupi ndi khasu: kalulu, gwape, nkhwali, fisi wa m'mapanga, ndi mbewa zomwe anyamata amakumba akatha kukolola.

Mukatsikira ku Macanga, Chifunde ndi Marávia mumalowa m'nkhalango ya miombo. Mitengo ndi yambiri, koma nthaka yake njosauka ndipo udzu ukauma sukhutitsa. N'chifukwa chake nyama za kumeneku, monga mphalapala, zimayenda m'timagulu tochepa, motalikirana.

Nkhani yeniyeni ili kuchigwa cha Zambezi, komwe kuli Mágoè, kotentha ngati pa chiwaya, kwa tsanya, milambe ndi masau. Masamba a tsanya ndi chakudya cha njovu, ndipo zimathyola mitengoyo mpaka imangokhala yofupika ngati yodulidwa ndi nkhwangwa. Kuno ndi kwa ngoma, njati, mvuu ndi ng'ona. Minyanga ya njovu ndi imodzi mwa zinthu zimene zinakopa Apwitikizi kukwera mtsinjewu mpaka ku Zumbo, ndipo Achikunda, omwe poyamba anali asilikali a Apwitikiziwo, anatchuka ndi ulenje umenewu. Cha m'ma 1896 mliri wa matenda a ng'ombe otchedwa rinderpest unafika m'dera la Zambezi n'kupulula ng'ombe pamodzi ndi njati. Kenaka damu la Cahora Bassa, lomwe linatsekedwa mu 1974, linamiza madambo a m'mbali mwa mtsinje omwe nyama zinkadyako msipu m'chilimwe, anthu nawo n'kusamutsidwa. Nkhondo yapachiweniweni, yomwe inatha mu 1992, inadzamaliza: mfuti zinali paliponse, ndiwo inali nyama ya m'tchire.

Chodabwitsa n'chakuti nkhondo yomweyo inasiyanso midzi yambiri ili bwinja, anthu atathawira ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Pobwerera anapeza tchire litamera m'minda yawo, ndipo njovu zodutsa malire sizifunsa chiphaso. Apa ndi pamene mkangano wa lero wa anthu ndi njovu unakulira. Mu 1994 ku Bawa, mudzi wa pafupi ndi Zumbo, kunayamba ntchito ya Tchuma Tchato, kutanthauza chuma chathu, yoti ndalama zimene alenje achilendo amalipira zizigawidwa pakati pa boma ndi midzi. Mu 2013 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Mágoè kum'mwera kwa nyanja ya Cahora Bassa.

Ine ndimaona kuti wa ku Ulongue amafulumira kunena kuti njovu isungidwe, poti sanaipezepo itagwetsa nkhokwe yake. Wa ku Mágoè amafunsa funso lina: gawo lake la ndalamazo lifika liti, nanga mapira a chaka chino alipira ndani?