Mpweya Wodutsa Pamwamba pa Phiko la Ndege Sudikira Wapansi

Kwa zaka zambiri ana asukulu akhala akuuzidwa kuti ndege imanyamuka chifukwa mpweya wodutsa pamwamba pa phiko, pomwe pali potukuka, uli ndi mtunda wautali, choncho umathamanga kuti ukafike kumapeto kwa phikolo nthawi imodzi ndi wapansi. Zothamangazo nzoona. Zofikira limodzizo ndiye bodza, ndipo palibe lamulo la sayansi lonena zimenezo.

Pulofesa Holger Babinsky wa ku yunivesite ya Cambridge anaonetsa izi poyera pa kanema mu 2012. Phiko amaliika mu wind tunnel, chimpaipi chopemerera mphepo, kenako amatulutsa utsi m'timizere kutsogolo kwake, modukizadukiza, kamera ikujambula. Mukaimitsa kanemayo mumaona utsi wapamwamba utafika kale kumapeto pamene wapansi ukadali m'mbuyo ndithu.

Chimene chimanyamula ndege nchakuti phiko limakhotetsa mpweya kuti uloze pansi. Pamwamba pake mpweya umapanikiza pang'ono, pansi umapanikiza kwambiri, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kumakankhira phiko m'mwamba. Nchifukwa chake phiko la mtundu wa NACA 0012, lomwe pamwamba ndi pansi mpofanana ndendende, limanyamulabe bola kutsogolo kwake kudzuke pang'ono. Ndege zamasewera nazo zimauluka chagada osagwa.

Koma kudzutsako kuli ndi malire. Phiko likapendekeka kupitirira madigiri pafupifupi 15, mpweya wapamwamba umaleka kutsata phikolo, umayamba kuvunduka, mphamvu yonyamula nkutsika mwadzidzidzi. Oyendetsa ndege amati stall, ndipo mankhwala ake nkuweramitsa mphuno ya ndegeyo msanga.