Pambuyo pa 16 sipabwera 32 nthawi zonse

Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti mndandanda wa manambala uli ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ukangolipeza basi watha. Muonetseni munthu 1, 2, 4, 8, 16, ayankha msangamsanga kuti yotsatira ndi 32, poti nambala iliyonse ikuwirikiza kawiri. Yankholo si lolakwa ayi. Cholakwika n'kuganiza kuti palibenso lina.

Jambulani mzere wozungulira papepala, muikepo madontho m'mphepete, kenako mulumikize dontho lililonse ndi anzake onse pogwiritsa ntchito mizere yowongoka. Madontho 2 amagawa mkatimo zigawo 2, madontho 3 zigawo 4, madontho 4 zigawo 8, madontho 5 zigawo 16. Mukaika lachisanu ndi chimodzi, n'kuonetsetsa kuti mizere itatu isakumane malo amodzi mkatimo, zigawo zimakhala 31. Werengani kangapo, simupeza 32. Funsoli limadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu Leo Moser.

Lamulo lake limaonekera mukamachotsera nambala iliyonse pa yotsatira. Pa 1, 2, 4, 8, 16, 31 mupeza 1, 2, 4, 8, 15. Chotseraninso: 1, 2, 4, 7. Kachitatu: 1, 2, 3. Apa yotsatira ndi 4, ndiye mukabwerera m'mbuyo mukuphatikiza (7 + 4 = 11, 15 + 11 = 26, 31 + 26 = 57), yotsatira pa 31 ndi 57.

N'chifukwa chake zimandipweteka mtima mwana akamuchongera kuti walakwa pa funso la mndandanda wa manambala asanamufunse n'komwe lamulo limene watsata. Manambala asanu okha sangatsimikize lamulo. Amene anakonza funsoyo amangofuna losavuta kwambiri mwa malamulo ambiri otheka.