Envulopu pansi pa tebulo: timafilimu ta katangale ta nthawi ya nkhondo

Mukatsegula chitini cha filimu yakale, choyamba kukulonjerani ndi fungo. Ikamanunkha ngati viniga ndiye kuti yayamba kuwola, ndipo muyenera kuipatula msanga isanapatsire zinzake. Ife osamalira mafilimu akale timayamba ndi mphuno, maso amabwera pambuyo. Mwa zimene zimatuluka m'zitini zoterezi muli mtundu wina umene anthu akauona amangouseka: timafilimu topanda mawu timene anthu wamba a ku Britain ankajambula okha pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, pakati pa 1939 ndi 1945. Ine tondisangalatsa kwambiri ndi ta tekitivi, munthu wofufuza milandu, wosakasaka katangale wa kukhonsolo.

Ojambulawo sanali akatswiri. Anali aphunzitsi, eni masitolo, makalaliki, anthu opezako bwino oti n'kugula kamera. Mu 1922 kampani ya Pathé ya ku France inatulutsa filimu yopyapyala ya mamilimita 9.5, chaka chotsatira Kodak inabweretsa ya mamilimita 16, kenako ya mamilimita 8 mu 1932. Apo ndi pamene kujambula kanema kunalowa m'nyumba za anthu. Makalabu anabuka m'matauni ambiri, bungwe la Institute of Amateur Cinematographers linakhazikitsidwa mu 1932, ndipo kuyambira 1934 anali ndi magazini yawoyawo, Amateur Cine World. Makanema a m'maholo anali atayamba kale kulankhula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, koma zida zojambulira mawu zinali zodula zedi, choncho a m'makalabu anakhalabe duu kwa zaka zina zambiri.

Kuti mumvetse chifukwa chake timafilimuti timaoneka ngati tothamanga, dziwani mmene kamera yake inkagwirira ntchito. Nthawi zambiri inalibe batire. Munkaipukusa ngati wotchi yakale, sipuling'i n'kuyenda pafupifupi theka la mphindi, basi yaima. Mpukutu wa filimu ya mamilimita 16 wotalika mamita 30 unkatha m'mphindi zinayi zokha. Ndipo filimu imene inali m'kamera ndi yomweyo imene inkabwerako kotsukitsa n'kuikidwa m'pulojekita. Panalibe kope lina. Ikapsa kapena kuduka, ndiye kuti zapita.

Nkhondo itayamba zinthu zinathina. Filimu inasowa m'masitolo chifukwa yambiri inkapita ku asilikali ndi kuboma. Lamulo la 1939 linaletsa kujambula malo ndi zida zankhondo popanda chilolezo. Usiku magetsi ankayenera kubisidwa kuti ndege za adani zisaone tauni, petulo ankagulidwa ndi makuponi, ndipo anyamata amene akadasewera anali atapita kunkhondo. Makalabu ambiri anatseka. N'chifukwa chake timafilimu ta nkhani zopeka ta zaka zimenezi ndi towerengeka, ndipo mukaona tekitivi wa imvi kapena mnyamata wasukulu atavala chikhothi cha bambo ake, musadabwe. Ndi amene analipo.

Nanga khonsolo inalakwanji kuti ikhale mdani wa m'nkhani? Nkhondo inaikuza mphamvu. Kuyambira ndi lamulo la 1937, makhonsolo ndi amene ankakonzekeretsa anthu za mabomba. Ankapereka makontirakiti omanga malo obisalamo, ankapezera malo ana osamutsidwa m'mizinda, ankakonza nyumba zogumuka, ndiponso anali ndi dzanja pa makomiti oyang'anira chakudya, chimene chinayamba kugawidwa ndi makuponi mu Januwale 1940. Pamene pali makontirakiti ndi zinthu zosowa, manong'onong'o sachedwa. Mu 1940 malo ena obisalamo a njerwa anamangidwa ndi laimu ndi mchenga popanda simenti yokwanira, ndipo ena ankagumuka bomba likaphulika chapafupi. Gwero lake linali kusowa kwa simenti ndi malangizo osamveka bwino ochokera kuboma, koma munthu amene amagona m'menemo ndi ana ake mungamuuze zotani kuti asaganize kuti wina wadya? Ndipo nthawi zina ankaganiza zoona. Ku Newcastle upon Tyne, mu 1944, boma linachita kukhazikitsa bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi loya Roland Burrows kuti lione mmene khonsolo inkayendetsera za ozimitsa moto, apolisi ndi chitetezo cha anthu. Imodzi mwa nkhani zake inali ya galimoto yozimitsira moto imene inasowa.

Apa tsopano ndi pamene pali luso, ndipo ndi pamene oseka aja amaphonya. Katangale ndi chinthu cha kunong'ona. Amachitika ndi mawu a m'khutu, ndi "mukudziwa kale, bwana", ndi chifuwa chokhosomolera dala. Kamera yopanda makutu ingajambule bwanji zimenezi? Wojambula ankayenera kusandutsa chiphuphu kukhala chinthu chogwirika. Tiyerekeze chonchi. Khansala wakhala kuseri kwa tebulo, ndudu yaikulu pakamwa. Kontilakitala walowa, chipewa m'manja. Kamera yasendera pafupi mpaka pangotsala dzanja lokha, likukankha envulopu pansi pa nyuzipepala. Dzanja lina, la mphete, lavindikira envulopuyo, kabati yatseguka, yatsekeka. Kenako nkhope pawindo. Zonsezo masekondi makumi awiri, sipuling'i isanathe, ndipo palibe amene wafunika kulankhula.

Tekitivi ndiye ngwazi yoyenerana ndi kamera yotereyi, chifukwa ntchito yake ndi kuona. Amawerama pa mapazi a nsapato m'matope, amatsegula buku la maakaunti chala n'kuima pa nambala, amatsatira munthu m'kanjira. Chimene iye waona nafenso taona. Mawu ofunikitsitsa ankalembedwa pa khadi n'kujambulidwa, koma khadi lililonse linkadya filimu yosowa ija, ndiye ankaumira nawo. Pathé inali ndi nzeru yake: kamphako kam'mphepete mwa filimu kankaimitsa pulojekita kwa kanthawi pa khadi, kuti chithunzi chimodzi chokha chikwanire kuwerenga. Kwathu kuno agogo ena amakumbukira makanema a Central African Film Unit, imene inayamba mu 1948 n'kumatumikira Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Kumeneko mpata wa mawu unkadzazidwa ndi munthu wofotokoza m'chinenero cha oonera.

Mungafunse kuti ankalimba mtima bwanji kuseka akuluakulu pakati pa nkhondo. Lamulo la makanema la 1909 linkakhudza filimu yoyaka msanga ya m'maholo, pamene yopyapyalayi inali ya mtundu wosayaka chisawawa, choncho chionetsero cha m'kalabu kapena m'holo ya tchalitchi sichinkapanikizidwa mofanana. Koma mlandu woipitsa mbiri ya munthu unalipobe. Tauni ya m'nkhani ikakhala ndi dzina lopeka ndipo khansala wavala ndevu zomata, chifukwa chake n'chimenecho. Kaya oonera ankagundana zigongono pozindikira amene akunenedwa, zimenezo zinatsalira m'holomo.

Choncho ndikamaona anthu akutenga kafilimu kotereka ngati umboni wakuti khonsolo yakutiyakuti inkaba, ndimakana. Nkhaniyo ndi yopeka. Chosapeka ndi chimene chili kumbuyo kwa osewera, chifukwa analibe ndalama zomangira misewu yabodza. Tekitivi akamathamangitsa wakuba, inu yang'anani kumbali: mawindo omatidwa mapepala mopingasa kuti magalasi asamwazike, m'mphepete mwa msewu mopakidwa penti yoyera kuti anthu aone mumdima, nyali za galimoto zophimbidwa n'kungosiya kampata, timabokosi ta zodzitetezera ku mpweya wapoizoni tolendewera paphewa.

Zimenezi ndi zimenenso timadziwira chaka. Kodak inkadinda tizizindikiro m'mphepete mwa filimu tosonyeza chaka chimene inapangidwa, koma tinkabwerezedwa pakapita zaka, ndiponso munthawi yosowa anthu ankajambulira filimu imene inakhalitsa m'kabati. Ndiye timabwerera ku msewu. Mipanda yachitsulo ya kutsogolo kwa nyumba inadulidwa kwambiri mu 1941 ndi 1942 kuti zitsulo zikathandize kunkhondo. Ngati khansala wathu akuthawa n'kudumpha kakhoma kamene pamwamba pake pangotsala tizitsa tachitsulo, timadziwa kuti odula anali atadutsa kale.