Kuphunzira za chilengedwe sikudikira ulendo wa ku Luangwa

Makolo ndi aphunzitsi ambiri kuno ku Chipata akhala akukhulupirira kuti mwana amaphunzira za chilengedwe pokhapokha atakwera basi kupita ku Mfuwe kukaona njovu ndi mvuu m'nkhalango ya South Luangwa. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amapweteka makamaka ana a m'masukulu a kumidzi amene makolo awo sangakwanitse kulipira ulendo wotero.

N'zoona kuti chigwa cha Luangwa chili ndi zosapezeka kwina, monga nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft. Komabe maphunziro ofunika kwambiri ali kuseri kwa kalasi. Mphunzitsi angathe kupita ndi ana pansi pa mtengo wa msangu m'munda, n'kuwaonetsa kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, kotero kuti chimanga sichisowa dzuwa, ndipo masamba akavunda amaonjezera chonde m'nthaka. Mvula ikangokata, angaimirire nawo m'munsi mwa phiri limene mitengo yake inathera ku makala, kuti adzionere okha madzi ofiira akukokolola dothi. Dothi lotere ndi limene limakadzaza mitsinje ngati Lutembwe, komwe tauni yathu imatunga madzi akumwa, ndipo mwana amene waona zimenezi ndi maso saiwala msanga.

Magulu a Chongololo, amene bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia limayendetsa m'masukulu a pulayimale, angachite zonsezi masana amodzi okha, ana atanyamula kope ndi pensulo basi.